Tchuthi cha ku Likoma, Monga Ndikuchikumbukira

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga, poti magetsi azima ndipo kanema wakhala chete. Iwe wamkulu, bwera nayo foni ija undionetsenso chithunzi cha masana chija. Eya, chimenechi. Mchenga woyera mbee, madzi ooneka mpaka pansi, bwato lili pagombe. Wati kumeneku ndi ku Mauritius, ndipo anzako a kusukulu akupita kumeneko mu Disembala ndi makolo awo. Ndinakumva ukufunsa abambo ako kuti inu mudzapita liti ku chilumba, ndipo ndinawaona atazolika osayankha. Ine mtima unandiwawa poona mwana wa magazi a ku Likoma akusirira chilumba cha eni ake, osadziwa kuti ali ndi chake. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuphikirani m'nyumba muno, koma za kwanu sindinakusimbireni mokwanira. Lero mumva.

Inu munabadwira kuno ku Cosmo City, mudzi wa dzulodzulo umene anthu anayamba kulowa m'nyumba zake mu 2005. Kuno misewu ili ndi mayina a mayiko, ndege za ku Lanseria zimadutsa pamutu, ndipo mitengo ya m'mipanda yathuyi anaibzala ndi anthu amene akali moyo. Kwathu kuli milambe imene inaona agogo a agogo anga akukwawa. Likoma ili m'nyanja ya Malawi, koma inasendera kwambiri kutsidya la kum'mawa, moti ukaima pagombe nthawi ya m'mawa umaona utsi ukufuka m'midzi ya ku Cobue, ku Mozambique. Madzi ozungulira chilumbacho ndi a Mozambique, pamene nthaka ndi ya Malawi, pamodzi ndi mng'ono wake Chizumulu amene ali chakumadzulo. Zinatero chifukwa pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankalemba malire, amishoni a Anglican anali atakhazikika kale pachilumbapo kuyambira mu 1885. Chilumbacho ndi chaching'ono. Munthu wa miyendo yabwino akanyamuka ku Makulawe kumpoto dzuwa likutuluka, amakafika ku Nkhwazi kumwera nsima ya masana isanapse.

Ine ndi sitima ya Ilala ndife a chaka chimodzi. Ndinabadwa mu 1951, chaka chimene iyo inayamba kuyenda panyanja. Anaipanga ku Scotland, n'kuibweretsa zidutswazidutswa, n'kudzailumikiza ku Monkey Bay. Abambo anga anali kalaliki ku kampani ya njanji ku Limbe, ndipo amuna ambiri a ku Likoma anali otero, antchito a kutali. Nthaka ya kwathu ndi mchenga ndi miyala, sipatsa munthu chimanga chofika nacho chaka china, koma sukulu inafikako msanga. Mbewu imene chilumba chinkakolola kwambiri inali ana odziwa kulemba. Aphunzitsi, akalaliki, akalipentala, anamwino ndi osindikiza mabuku anabalalika ku Zomba, ku Blantyre, ku Salisbury kumene lero ndi Harare, ku Bulawayo, ku migodi ya ku Kitwe, mpaka kuno ku Joni. Musaganize kuti abambo anu ndiwo anayamba ulendo uno. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma onsewo ankadziwa chinthu chimodzi: ukapatsidwa livi, tenga mkazi ndi ana upite kwanu, anthu akawaone. Wokhala zaka zambiri osabwera ankatchedwa mtchona, ndipo dzina limenelo linkawawa kwambiri mayi amene anamubala.

Ulendo umene ndimaukumbukira bwino ndi wa mu Disembala 1961, ndili ndi zaka 10. Amayi anayamba kukonzeka kukali miyezi itatu. Malipiro akangotuluka ankagula kamodzikamodzi n'kuika m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi: shuga, mchere, masamba a tiyi, sopo, machesi, nsalu ya agogo aakazi, jekete ya agogo aamuna, mbedza ndi ulusi wosokera maukonde. Usiku ankakhala ndi abambo n'kumatchula abale mmodzimmodzi kuti pasapezeke woiwalidwa. Ngakhale nkhalamba ya kuseri kwa mudzi, imene sitinkadziwa kuti ubale wake unayenda bwanji, inali ndi kasopo kake kodula ndi mpeni. Kumudzi sitinkapita chimanjamanja.

Tinakwera sitima ya pamtunda ku Limbe, ya malasha, yotulutsa utsi wothimbiriritsa zovala. Inadutsa ku Balaka, n'kuyenda m'dziko lotentha la milambe ndi migwalangwa, mpaka ku Chipoka kumene njanji imakumana ndi nyanja. Mchimwene wanga wamng'ono ataona madziwo anafunsa amayi kuti mtsinje umenewu tsidya lake lili kuti, ndipo abambo anamuyankha kuti kumene maso ake alekera, kwathu n'kutsogolo kwake. Tinagona padoko pa mphasa, pakati pa anthu ena odikira. Mbandakucha tinadzidzimuka ndi kulira kwa Ilala, mawu akuya omveka mpaka m'mimba. Mpaka lero lole yaikulu ikaliza hutala pa Malibongwe Drive usiku, ine ndimadzuka ndili ku Chipoka.

Malo athu anali pansi, pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, njinga ndi nkhuku za m'madengu. Mosakhalitsa aliyense anali atadziwa kuti mnzake ndi wa mudzi uti ndipo ndi mwana wa yani. Amayi anamasula kamba wa zitumbuwa, mbatata yophika ndi nkhuku yootcha, n'kugawirako ana a eni ake, nafenso tinadya za m'mbale za ena. Titafika ku Nkhotakota, kumene nthawi imeneyo tinkati Kota Kota, abambo anagula mpunga wa Khirisimasi, poti mpunga wa kumeneko unali wotchuka ndi fungo lake. Anatilozera kumtunda n'kutiuza kuti kumeneko ndiko kunagona Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895 akubwerera ku Likoma atangodzozedwa kumene. Sitima itayamba kudula nyanja kuloza kum'mawa, mphepo ya mpoto inadzutsa mafunde, ndipo mayi wina wachikulire pafupi nafe anayamba kupemphera. Akuluakulu anatchula monong'ona dzina la Vipya, sitima imene inamira mu Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja n'kupita ndi anthu 145. Anthu a kunyanja amaikonda nyanja, koma saiderera.

Kufika kwake sindidzakuiwala. Choyamba kuoneka chinali mapiri a ku Mozambique, kenaka miyala ikuluikulu yotuwa, kenaka milambe ili njo pamwamba pa miyalayo. Sitima inaponya nangula ku Mbamba, patali ndi gombe, poti nthawi imeneyo kunalibe doko. Ankatitsitsira m'maboti, anthu ndi katundu pamodzi, ndipo boti likagunda mchenga unkatsikira m'madzi. Amalume analowa mpaka m'chiuno n'kundinyamula paphewa ngati kathumba ka ufa. Gombe lonse linali bii ndi anthu, chifukwa tsiku la sitima chilumba chonse chinkasiya ntchito. Ena ankadikira abale, ena makalata, ena kungofuna kuona amene wabwera. Agogo aakazi anatulukira m'chikhamumo akuimba nthungululu. Anatigwira mmodzimmodzi kumutu, m'mapewa, m'manja, ngati akuwerenga kuti tonse tilipo. Katundu yense anakwera pamitu ya abale, ife n'kumayenda opanda kanthu m'manja mpaka ku Mbungo. Galimoto sitinakumane nayo ngakhale imodzi.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene tchuthi chathu chinkasiyana ndi cha pafoni yakoyo. Titafika sitinathamangire kukasambira. Anayala mikeka pansi pa mtengo wa mango, ndipo abale anabwera motsatana misinkhu kudzatipatsa moni, aliyense atagwada kapena kunjuta. Abambo anafotokoza malonje: mmene tinayendera, mmene anasiyira anzawo a ku Likoma okhala ku Limbe, amene wadwala, amene wakwatira, amene watumiza kalata. Kenaka agogo aamuna anayamba kutchula onse amene anamwalira ife kulibe. M'mawa mwake, tisanachite china chilichonse, tinayenda khomo ndi khomo kukapepesa maliro, ngakhale amene anachitika zaka ziwiri zapitazo. Pakhomo lililonse amayi ankakhala pansi ndi amayi anzawo n'kulira pang'ono, abambo n'kusiya kandalama m'mbale. Ife ana tinkatopa, koma pakhomo lililonse ankatiuza kuti awa ndi azakhali anu, awa ndi asuweni anu, apa ndi pamene anabadwira agogo anu. Pofika madzulo ndinali nditadziwa kuti ndine yani. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chimafuna kuchiyendera.

Za chakudya ndiyambe ndi kondowole, poti ndiye mwini chilumba. Inu mumadya papa ya ufa wa m'sitolo, woyera ngati pepala, wopsa m'kanthawi kochepa. Nsima ya kondowole imayambira kumunda, ndipo imatenga pafupifupi mlungu kuti ifike m'mbale. Ndinkapita ndi azakhali kukakumba chinangwa m'minda ya mchenga yozingidwa ndi miyala. Tikasenda makoko tinkachiviika m'mitsuko ikuluikulu ya madzi a m'nyanja masiku atatu kapena anayi. Chinangwa chowawa chili ndi ululu woti ukhoza kupha munthu, ndipo madziwo ndiwo amauchotsa. Agogo ankachita kutsina ndi chala kuti aone ngati chafewa, ndipo mtsikana wovuula msanga ankadzudzulidwa kolimba chifukwa ankaika moyo wa banja pachiswe. Chikafewa tinkachitsuka, kuchotsa mitsitsi ya pakati, kuchifinya, n'kuchiyanika pamiyala yotentha ija kufikira chitauma gwa. Ndiye kusinja mumtondo ndi kusefa. Fungo lake la chinangwa chovuula, lowawasa pang'ono, linkamveka mudzi wonse. Mlendo amatseka mphuno, mwana wa pamudzi amamva njala.

Kaphikidwe kake n'kosiyana ndi nsima ya chimanga. Kondowole alibe phala. Madzi akawira, agogo ankaphula mphika n'kuuika pansi, kuupana ndi mapazi, kuthira ufa nthawi imodzi, n'kuyamba kuvundula ndi mthiko waukulu. Pamenepo pankafunika mphamvu, chifukwa nsimayo imakoka ngati ulimbo. Mitsempha ya m'mikono yawo inkaonekera, thukuta lili kamukamu, iwo osaleka mpaka itasalala. Podya umanyowetsa dzanja, kutema ndi zala, kusunsa mumsuzi, n'kumeza osalimbana n'kutafuna. Ukadya masana umafika madzulo m'mimba muli nji. Amuna ankadyera paokha, amayi paokha, ife ana kuzungulira mbale imodzi, ndipo wamkulu ndiye ankagawa nsomba kuti wamng'ono asamanidwe. Mwambo wa pambale ndinauphunzira pamenepo: usayambe akulu asanayambe, usasankhe nthuli yaikulu, usanyamuke osathokoza amene waphika.

Ndiwo zinkachokera m'madzi tsiku lomwelo. Usiku wopanda mwezi amalume ndi anzawo ankalowa panyanja ndi mabwato ndi khoka la chilimila. Bwato limodzi linkanyamula nyali yowala kuti usipa usonkhane, ena awiri n'kuzinga ndi khoka. Ukaima pagombe unkaona nyali zili ngwee ngwee pamadzi ngati mudzi wina wamera pakati pa nyanja. M'mawa tinkathamanga ndi mbale kukachingamira. Aliyense wogwira chingwe pokokera bwato kumtunda ankalandira ndiwo, ndipo mayi wamasiye kapena nkhalamba sankabwerera chabe ngakhale sanagwire kanthu. Usipa wauwisi wophika ndi mchere ndi matimati basi, osathira mafuta, uli ndi kukoma kumene usipa wouma wa m'mapepala umene timagula kwa anzathu obwera ndi basi sungakuuzeni. Kunali utaka wowamba pamoto wa utsi, ncheni ya mano akuthwa, batala wonona, ndi kampango amene mutu wake unali wa agogo aamuna. Usipa wina ankaufutsa m'madzi owira n'kuuyanika pathandala kuti usungike.

Nsomba zikasowa kunali chigwada, masamba anthete a chinangwa osinja mumtondo, ophika nthawi yaitali n'kuthira nsinjiro. Kunalinso nkhungu. Tsiku lina ndinaona ngati utsi wakuda ukukwera kuchokera pakati pa nyanja, ndipo ndinafuula kuti sitima ikupsa. Azakhali anandiuza kuti ndi tizilombo touluka timene timaswa m'madzi n'kutuluka tonse pamodzi. Mphepo itatikankhira kumtunda, amayi onse anatuluka ndi madengu onyowa n'kumawazunguza m'mwamba, tizilomboto n'kumamatirira. Anatikanya, kutikulunga m'masamba a nthochi, kuphika, n'kuyanika mpaka titasanduka chikate chakuda cholimba. Ankabenthulako pang'ono n'kukonza ndiwo. Anthu a dziko la miyala anaphunzira kusataya chilichonse chimene Mulungu watumiza, ngakhale chobwera ndi mphepo. Ndipo poti inali Disembala, mango anali mbwee pansi pa mitengo, ofika poti mbuzi zinkachita kusankha.

Masiku athu ana ankathera kunyanja. M'mawa kutsuka mbale ndi mchenga, kuchapa pamwala, kutunga madzi. Zikatha, kusambira. Asuweni anga ankamira ngati achule n'kutuluka patali, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kuyang'ana m'madzi maso ali otsegula. Pakati pa miyala panali mbuna, tinsomba tobiriwira, tachikasu, tamizeremizere, timene azungu amawolokera nyanja zamchere kudzationa. Chinyanja cha ku Likoma chili ndi kamvekedwe kake, ndipo poyamba ankati ife timalankhula za m'tauni, koma patatha milungu iwiri lilime linali litabwerera kwawo. Madzulo tinkaonerera zombo za matanga zikuchokera kutsidya zitadzaza nkhuni, nsungwi, udzu wofolerera ndi chimanga, poti chilumba chinalibe nkhalango. Anthu a ku Cobue, ku Messumba ndi ku Metangula anali abale athu, a chinenero chimodzi ndi mpingo umodzi. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba ku Mozambique mu 1964, ndiponso nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992, ambiri a iwo anathawira ku Likoma, ndipo analandiridwa m'makomo ngati mmene iwo ankatilandirira tikapita kukafuna nkhuni.

Tsopano za tchalitchi. Munthu amene sanafikeko savomera kuti pa kachilumba kotero pali nyumba yopemphereramo yaikulu ngati St Peter's. Malo amene inamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Agogo aakazi ananditengera kumeneko tsiku lina masana, kulibe mapemphero. Anandiuza kuti ntchito yomanga itayamba mu 1903 iwo anali kamtsikana ka msinkhu wangawo, ndipo ankasenza mchenga ndi miyala pamutu pamodzi ndi amayi awo. Anagwira khoma ndi chikhatho n'kunena kuti thukuta lawo lili m'menemo. Mu 1911, chaka chimene tchalitchicho chinapatulidwa, iwo anali atakula kale. Mkati munali kazizirira, kuwala kwa mitundumitundu kukulowa pa magalasi a m'mazenera, mipando ya oimba ili yosema pamwala. Anandisimbiranso za William Percival Johnson, wansembe wa maso ofooka amene anayendayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 40, namasulira Mawu a Mulungu m'Chinyanja cha kwathu, mpaka anamwalira ku Liuli mu 1928. Anthu a chilumba chimenechi anatenga chimene alendo anabwera nacho n'kuchisandutsa chawo. Patangopita zaka zinayi kuchokera pa ulendo wathuwo, mu 1965, mwana wa pa Likoma pomwepo, Josiah Mtekateka, anakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa ubishopu mumpingo wa Anglican.

Usiku wa pa 24 Disembala tinanyamuka ku Mbungo mdima utagwa, titavala zatsopano, nsapato zili m'manja kuti zisade. Njira zonse za pachilumba zinali ndi nyali zoyenda, za ku Khuyu, za ku Ulisa, za ku Yofu, za ku Makulawe, zonse kuloza ku Chipyela, mabelu akulira. M'tchalitchi munadzaza thothotho, amuna mbali yawo, amayi mbali yawo, fungo la lubani lili ponseponse. Anthu atayamba kuimba ndinamva ngati denga likunyamuka. Panalibe wogwira buku pafupi nane, nyimbo zonse zinali pamtima, mawu anayi akulukana okha. Ndinayang'ana abambo, munthu amene ku Limbe ankangokhala duu ndi nyuzipepala, ndipo ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwawo uku akuimba. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti munthu wa kutali amakhala ndi ludzu limene madzi a kumpopi sathetsa.

Kutacha, tsiku la Khirisimasi, kondowole anapuma. M'mawa kunali tiyi wa shuga wambiri ndi masikono, masana mpunga wa ku Kota Kota uja ndi nkhuku, ndi mbuzi imene mabanja angapo anasonkherana. Thobwa linali m'mitsuko pakhonde, la aliyense wodutsa. Ntchito yathu atsikana inali kuyenda ndi mbale zovundikira, kupereka kwa azakhali, kwa oyandikana nawo, kwa odwala. Mbale siinkabwerera yopanda kanthu. Unkapita ndi mpunga, n'kubwera ndi nsomba kapena nthochi, moti pofika madzulo aliyense anali atalawa za mumphika wa mnzake. Kupatsa n'kuika, adzukulu anga.

Chaka chatsopano chinali cha magule. Amuna anali ndi mganda, umene ena amati malipenga, ndipo gulu lililonse linkatchedwa boma. Gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali amene anabwera kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'chifukwa chake boma lililonse linali ndi mfumu yake yotchedwa kingi, akapitawo ake, ngakhale dokotala wake woyendera ovina. Ankavala makabudula oyera ositidwa mpaka kuthwa, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo. Malipenga awo anali a zikho zouma, zoboola n'kumatapo nembanemba ya kangaude, ndipo akauziramo ankalira mogwirizana ndi ng'oma yaikulu. Ankavina m'mizere, mwaulemu, phazi likutsika nthawi imodzi ngati la munthu mmodzi. Abambo anali atasunga yunifolomu yawo m'bokosi la agogo zaka zonsezo, ndipo analowa mumzere wa boma la kwathu ngati sanachokepo. Amayi nawo anali ndi chioda, atavala nsalu zofanana, akuzungulira ng'oma n'kumaimba za zochitika pamudzi, kuyamika wochita bwino ndi kulangiza wolakwa. Maboma ankayenderana, ena kuwoloka kuchokera ku Chizumulu, ndipo olandira alendo ankaphika mpaka nkhuni kutha. Mpikisano unalipo, wa ukhondo ndi wa kavinidwe, koma mphoto yake inali mbiri yabwino basi.

Tsiku lobwerera linafika msanga. Bokosi lachitsulo lija linadzazanso, tsopano ndi ufa wa kondowole, usipa wofutsa, utaka wowamba, malambe, ndi timitolo ta anthu ena toti tikapereke kwa ana awo ku Limbe ndi ku Blantyre. Agogo aamuna anatisonkhanitsa n'kupemphera, kenaka anauza abambo kuti, "Anawa usawachedwetse, ife dzuwa lapendeka." Pagombe la Mbamba agogo aakazi sanaimbe nthungululu. Anangoima m'madzi ofika m'akakolo, dzanja lili pachipumi, mpaka boti litafika pasitima. Titabweranso patapita zaka zitatu, dzina loyamba kutchulidwa pamkeka paja linali la agogo aamuna. Mawu awo aja abambo anawasunga, ndipo sanalolenso kuti livi iwapeze ali kwina.

Masiku ano Likoma inasintha. Ndi boma palokha, pamene kale inali pansi pa Nkhata Bay, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 pa zilumba ziwirizo. Kuli bwalo la ndege, magetsi, mafoni, ndi malo ogona alendo monga Kaya Mawa, kumene anthu ochokera ku Ulaya ndi kuno ku South Africa amalipira ndalama zambiri kuti agone pafupi ndi madzi amene ine ndinkatsukiramo mbale. Ndimakondwera nazo, chifukwa ana a kwathu apezapo ntchito. Koma mlendo ndi mame, amaona mchenga ndi kulowa kwa dzuwa n'kumapita. Inu mukakafika, mayi wina amene simunamuonepo adzakugwirani kumaso n'kunena kuti mphumi iyi ndi ya kwa agogo ake. Zimenezo ku Mauritius simungazigule.

Njira ilipo, ndipo si ya anthu olemera okha. Basi imanyamuka ku Park Station, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'Malawi pa Mwanza. Kuchokera apo ndi ulendo wa ku Nkhata Bay, kumene Ilala, mnzanga wa chaka chimodzi uja, amatenga anthu kupita ku Chizumulu ndi ku Likoma. Ndalankhula kale ndi abambo anu, ndipo ndalama imene ndimapeza posoka ndayamba kuika padera, monga ankachitira amayi anga ndi bokosi lija. Inunso muyambe kuphunzira kupereka moni wa kwathu, mutagwada, osati mutaimirira manja ali m'thumba. Ndikufuna ndikakuimikeni pamkeka pansi pa mango paja ndikali ndi mawu, ndikakutchuleni mayina pamaso pa abale, ndikakuonetseni pamene anagona agogo anga ndi khoma limene anagwira ndi chikhatho.

Iwe wamng'ono, tenga tochi upite kukhitchini. Pashelefu yapamwamba pali kathumba kamene kanabwera ndi basi Lachisanu lapitali, komanga ndi chingwe cha buluu. Kabweretse kuno, ukamasule, ununkhize. Usatseke mphuno. Mawa ndi Loweruka, kulibe sukulu, ndipo mphikawo aupane ndi mapazi ndi mkulu wakoyu, ine ndizingomuuza pothira ufa.